Yambani ndi loboti yotsata mzere, koma samalani nkhani ya mabatire

Aphunzitsi, ndawerenga funso lanu lakuti mukufuna kuyambitsa kagulu ka ana okonda maloboti pasukulu panu, kuti ndalama zimene muli nazo ndi zochepa, ndiponso kuti mukufuna kudziwa zida zoyambira ndi mipikisano imene anawo angalowe. Ine ndiyankha makamaka mbali ya zida ndi loboti yoyamba kupanga, popeza ndi ntchito imene ndakhala ndikuigwira ndi manja anga pamodzi ndi ana a sekondale.

Ndaona kuti ena akulangizani kugula Raspberry Pi ndi kamera kuti loboti izizindikira nkhope za anthu. Zimenezo ndi zokoma kuziona pa YouTube, koma ndikukayika ngati olangizawo anakhalapo m'kalasi ndi ana khumi amene sanagwirepo waya wofiira ndi wakuda. Raspberry Pi ndi kompyuta yathunthu, imadalira kakhadi ka memole, ndipo magetsi akathima mwadzidzidzi monga amachitira kwathu kuno, kakhadiko kangathe kuwonongeka, ntchito ya mlungu wonse n'kutayika. M'malo mwake gulani Arduino Uno, kabolodi kakang'ono kamene mumaikamo pulogalamu yolamulira loboti. Kabolodi kameneka kanachokera ku Ivrea, m'dziko la Italy, kumene ntchito ya Arduino inayambira mu 2005 ndi cholinga chothandiza ophunzira amene sanali akatswiri a zamagetsi. Pulogalamu mukaiikamo imakhala momwemo, ndipo ngakhale muchotse batire n'kuibwezera mawa lake, loboti imadzuka n'kuyambanso ntchito yake.

Loboti yoyamba ikhale yotsata mzere wakuda pansi. Imafuna kathabwa kapena pulasitiki kokhalapo zida, timamota tiwiri tachikasu tokhala ndi magiya, matayala awiri ndi kagudumu kamodzi kozungulira mbali zonse, kabolodi koyendetsa mamota kotchedwa L298N, ndi masensa awiri kapena atatu a infrared. Sensa iliyonse imaponya kuwala kosaoneka ndi maso pansi. Pepala loyera limabweza kuwalako pomwe tepi yakuda imakumeza. Choncho sensa yakumanzere ikaona chakuda, tayala lakumanzere lichepetse liwiro kuti loboti ikhotere komweko, ndipo yakumanja ikaona chakuda zichitike chimodzimodzi mbali inayo. Mwana wa Fomu 1 amamvetsa zimenezi tsiku limodzi, ndipo akaona loboti yake ikugwedezeka uku ndi uku pofunafuna mzere, amayamba yekha kufunsa chimene angasinthe kuti iziyenda mosalala. Funso limenelo ndi limene limamufikitsa pa masamu enieni popanda kumukakamiza.

Mitengo ndiitchula m'madola chifukwa ya kwacha ikusintha mwezi ndi mwezi. Arduino Uno yeniyeni imagulidwa pafupifupi madola 25 mpaka 30, pomwe zotengera zake zopangidwa ku China zimapezeka pa madola 5 mpaka 10 ndipo zimagwira ntchito bwinobwino pophunzirira. Loboti yonse yotsata mzere, mukawerengera mamota, masensa, mawaya ndi L298N, ingakwane madola 30 kapena 40 musanaikepo mtengo wotumizira ndi msonkho wapachipata. Dziwani kuti mabolodi otengerawa nthawi zambiri amakhala ndi kachipu ka CH340, kamene makompyuta ena sakazindikira mpaka mutaikamo driver yake (kapulogalamu kothandiza kompyuta kuzindikira kachipuko), choncho ikoperenitu tsiku limene muli ndi intaneti yabwino.

Tsopano ndifike pa chimene chinandipweteka mtima, chifukwa ndi chimene ndalembera yankho lalitali chonchi. Chaka china tinaitanidwa kukaonetsa loboti yathu pa chionetsero cha sayansi pasukulu ina yoyandikana nayo. Ndinagula mabatire anayi otchajidwa a lithiamu a mtundu wa 18650 kwa wogulitsa wina m'tauni, olembedwa pambali kuti 9900mAh (mAh ndi muyezo wa mphamvu imene batire imasunga), ndipo mtengo wake unali wotsika moti ndinakondwera. Nditawanyamula m'manja anali opepuka ngati mulibe kanthu, koma sindinalabadire. Madzulo a tsiku loti mawa tinyamuka, loboti inayenda mphindi zochepa chabe kenako n'kuyamba kuima, kudzuka, kuimanso. Mamota akangoyamba kukoka, mphamvu inkatsika ndipo Arduino inkazima n'kuyambiranso. Magetsi anali atathima, mtsikana wina akundiunikira ndi tochi ya foni, ndipo pothamangira kusintha mabatire ndinalowetsa waya wofiira pa pini ya 5V m'malo mwa ya Vin, imene imalandira mphamvu ya batire. Mabatire awiri olumikizidwa motsatizana akadzaza amapereka 8.4V, ndipo mphamvu yonseyo inalowa mwachindunji m'kachipu kamene sikayenera kupitirira 5.5V. Tinamva fungo la pulasitiki yopsa, kachipu kanatentha moti sikakanagwirika, ndipo bolodi inathera pomwepo. Tinalibe ina yapadera. Ana amene anakhala masabata asanu ndi limodzi akumata tepi ndi kuyesa masensa anapita kuchionetsero ndi loboti yosayenda, akufotokoza ndi pakamwa zimene ikanachita. Nkhope zawo m'mawa umenewo sindidzaziiwala.

Chonde, aphunzitsi, batire ya 18650 yeniyeni siipitirira kwenikweni 3500mAh ndipo imalemera magalamu pafupifupi 45. Mukaona yolembedwa 6000 kapena 9900, isiyeni pomwepo ngakhale wogulitsa alumbire. Mabatire abwino amapezeka m'kati mwa mabatire akale a laputopu, momwe mumakhala a Samsung, LG kapena Panasonic, koma kutsegula kwake achite munthu wamkulu wodziwa, osati ana, chifukwa lithiamu ikabooledwa kapena mawaya ake akagundana imayaka moto wovuta kuzimitsa. Potchaja gwiritsani ntchito kabolodi ka TP4056 kokhala ndi chitetezo, batire imodzi payokha, ndipo musawasiye akutchajidwa m'kalasi mopanda munthu. Kabatire kamakona anayi ka 9V kaja musakadalire pa mamota, popeza kamatha msanga. Dziwaninso kuti L298N imadya pafupifupi 2V yokha isanapereke mphamvu ku mamota, motero mabatire anayi a tochi opereka 6V amafikitsa 4V yokha ndipo loboti imangokwawa. Mota isalumikizidwe mwachindunji ku pini ya Arduino, chifukwa pini imodzi inapangidwira 20mA pomwe kamota kachikasu kamakoka kuposa pamenepo kangapo konse. Waya wakuda wa batire, wa L298N ndi wa Arduino akumane pamodzi. Ndipo musanagule chida china chilichonse gulani multimeter, chida choyezera magetsi, ngakhale yotchipa ya madola 10, n'kuphunzitsa mwana aliyense kuyeza asanalumikize.

Chinthu china chimene chimasokoneza ambiri ndi dzuwa. Kuwala kwa dzuwa kuli ndi infrared yambiri, ndiye loboti imene imayenda bwino m'kalasi m'mawa imasochera masana ikafika pafupi ndi zenera. Timangodula kakatoni n'kutchinga masensa m'mbali ngati siketi, n'kuwatsitsa kuti atalikirane ndi pansi pafupifupi theka la sentimita. Pansi pa simenti yopakidwa polishi sipayeneranso, chifukwa pamanyezimira n'kunamiza sensa. Yalani mapepala oyera a manila ndipo mzere muupange ndi tepi yakuda ya amagetsi.

Pa mipikisano, waukulu umene ana a msinkhu wa zaka 14 mpaka 18 angaulakelake ndi FIRST Global Challenge, umene anauyambitsa Dean Kamen. Unachitika koyamba ku Washington mu 2017, ndipo wakhala ukusintha mizinda monga Mexico City, Dubai, Geneva, Singapore ndi Athens. Dziko lililonse limatumiza gulu limodzi lokha ndipo magulu onse amalandira zida zofanana, choncho si mpikisano woti sukulu ingodzilembetsa yokha. Muno mu Africa muli Pan-African Robotics Competition, imene inayambira ku Senegal. World Robot Olympiad ndi yotchuka, koma mbiri yake yagona pa zida za LEGO zimene bokosi limodzi limadya madola mazana angapo, ndipo LEGO inasiya kupanga Mindstorms kumapeto kwa 2022, ndiye wina akakugulitsani bokosi lakale muganizire kaye kumene mukapeze mota kapena sensa ikawonongeka. Aonetseni ana mavidiyo a Micromouse, momwe timaloboti timathamanga m'njira zokhotakhota za mabokosi 16 m'litali ndi 16 m'lifupi, komanso a RoboCup, umene unayamba mu 1997 ndi cholinga chakuti pofika 2050 maloboti adzagonjetse akatswiri a mpira wamiyendo a dziko lonse lapansi. Komabe mpikisano umene ndingakulimbikitseni chaka choyamba ndi wanuwanu: itanani sukulu ziwiri zoyandikana nanu, yalani mzere umodzi m'holo, ndipo loboti iliyonse iyezedwe nthawi ndi wotchi ya pafoni.

Mukamadikira katundu, amene nthawi zina amatenga mwezi kapena iwiri kuti afike, ana angayambe kuyeserera pa webusaiti ya Tinkercad, pomwe amalumikiza mawaya ndi kulemba pulogalamu ya Arduino pakompyuta kwaulere, ngakhale pamafunika intaneti. Pitaninso kwa amisiri okonza mawailesi ndi mapulinta kumsika, chifukwa mapulinta akufa ndi ma DVD akale ali ndi mamota, magiya, masiwichi ndi mawaya amene iwo amangowaunjika pakona ndipo angakupatseni pa mtengo wochepa. Poitanitsa katundu, pa gulu lililonse la ana anayi muikepo Arduino ziwiri ndi L298N ziwiri, ndipo zapaderazo muzisunge m'kabati mwanu mpaka tsiku limene zidzafunike.