Akuti ubongo wa mtsikana sunalengedwere masamu

Mayi wina anditumizira imelo. Mwana wawo wamkazi wa zaka 14 walephera mayeso a masamu, ndipo bambo a kunyumba akuti asavutike naye, ubongo wa mkazi sugwira manambala, asayansi omwe amatero. Akufunsa ngati n'zoona.

Mayi, imelo yanuyi yandikanda pachilonda. Mphunzitsi wathu wa masamu kusekondale anali munthu wofatsa, wosatukwana, ndipo ankabweza mapepala a mayeso kuyambira kwa amene wakhoza kwambiri. Tsiku limene dzina langa linatchulidwa poyamba, anandiyang'ana akumwetulira n'kunena kuti, "Iwe uli ndi mutu wachimuna." Kwa iye kumeneko kunali kundiyamikira. Kalasi yonse inafa nalo phwete, ndipo anyamata ananditchula "achimwene" mpaka tinamaliza sukulu. Ine ndinali wamakani, ndinkangowabwezera. Koma mnzanga wa desiki imodzi, amene ankandiposa kutalitali pa algebra, anasiya kukweza dzanja. Ankalemba yankho m'kope n'kuliphimba ndi chigongono. Ndikamufunsa ankati safuna kusanduka choseketsa. Palibe anamuletsa masamu, anangoona zimene zimamugwera mtsikana wokhoza. Ndikamukumbukira ndimapsabe mtima, makamaka poti mphunzitsiyo sanadziwe n'komwe zimene anachita.

Nthano yoti nzeru za mkazi n'zochepayitu ndi yakale. Paul Broca, dokotala wa ku Paris, ankayeza ubongo wa anthu omwalira cha m'ma 1860, ndipo atapeza kuti wa akazi ndi wopepukirapo anati nzeru zawonso n'zochepa. Pa kulemerako sananame. Mukasonkhanitsa anthu ambiri, ubongo wa amuna umakhala waukulu ndi pafupifupi 10 peresenti, monganso mtima, mapapo ndi mapazi awo. Koma ubongo wa Albert Einstein, wasayansi wotchuka uja, unkalemera magalamu 1,230 okha, osafika pa wa amuna ambiri. Kukanakhala kuti nzeru zimayezedwa pa sikelo, njovu ikanakhala ikutiphunzitsa tonse.

Ndipo zabodza zotere sizifa. Mwina munamvapo zoti mkazi amayankhula mawu 20,000 pa tsiku pamene mwamuna 7,000. Mu 2007 Matthias Mehl ndi anzake anafalitsa zimene anapeza ataveka ophunzira pafupifupi 400 tizipangizo tojambula mawu: onse, amuna ndi akazi, ankayankhula mawu pafupifupi 16,000 pa tsiku. Koma mpaka lero alangizi a mabanja akunenabe za 20,000, anthu n'kumaomba m'manja.

Nanga kusiyana kulipo?

Kulipo, ndipo sindigwirizana ndi anzanga amene amakana zimenezi poopa kupatsa zida anthu onyoza akazi. Kachigawo ka DNA (malangizo a chibadwa amene ali m'thupi) kotchedwa SRY, kamene kali pa kromozomu Y, mbali ya DNA imene amuna amakhala nayo, kamayambitsa kupangika kwa ziwalo zachimuna mwana ali m'mimba, ndipo homoni ya testosterone, madzi a m'thupi opereka maonekedwe achimuna, yochokera m'ziwalozo imafikanso ku ubongo. Mu 2018 Stuart Ritchie ndi anzake anaunika zithunzi za ubongo wa anthu oposa 5,000 a ku Britain. Anapeza kuti mbali zambiri ndi zazikulu mwa amuna, koma khungwa la pamwamba pa ubongo ndi lokhuthalirapo mwa akazi. Pa mayeso otembenuza chithunzi m'maganizo amuna amakhozako bwino, ndipo pa kuwerenga atsikana amaposa anyamata pafupifupi m'mayiko onse amene amalemba mayeso a PISA, oyerekeza ana a sukulu a m'mayiko osiyanasiyana. Zoti choncho anyamata asiye kuwerenga, sindinamvepo bambo aliyense akunena!

Kumene kusiyanaku kuli ndi ntchito yeniyeni ndi kuchipatala. Matenda a autism, amene amachititsa mwana kuvutika kulankhulana ndi kucheza ndi ena, amapezeka mwa anyamata kuwirikiza katatu kapena kanayi. Parkinson's, matenda onjenjemeretsa thupi, amagwira kwambiri amuna. Matenda ovutika maganizo amapezeka mwa akazi kuwirikiza pafupifupi kawiri, mutu waching'alang'ala katatu. Madokotala ayenera kuzifufuza zimenezi mwakhama, osati kuyesa mankhwala pa amuna okha ngati mmene ankachitira kwa zaka zambiri.

Koma zonsezi ndi za gulu, si za munthu mmodzi. Daphna Joel wa ku yunivesite ya Tel Aviv anaunika ubongo wa anthu oposa 1,400, ndipo mu 2015 anasonyeza kuti ambirife tili ndi ubongo wosakanikirana, mbali iyi yofanana ndi ya amuna ambiri, iyo ndi ya akazi ambiri. Asayansi ena amatsutsana naye pa njira imene anawerengera, ndipo mkanganowo ndi wabwino. Komanso ubongo umasintha ndi ntchito imene ukupatsidwa. Eleanor Maguire anapeza mu 2000 kuti oyendetsa matakisi a ku London, amene amaloweza misewu masauzande, mbali yawo ya ubongo yosunga njira ndi yokulirapo. Ndiye mtsikana amene wakhala akuuzidwa kuyambira ali wamng'ono kuti manambala si ake, n'kumawazemba, mukamuyeza ali ndi zaka 14 mukuyeza chibadwa kapena zimene munamuchita? Za masamu penipenipo, Janet Hyde mu 2008 anaona zotsatira za ana pafupifupi 7 miliyoni a ku America, ndipo atsikana ndi anyamata ankakhoza mofanana. Ndinene mosabisa: amene amathamangira ku ubongo mwana wamkazi akalephera, koma wamwamuna akalephera amati ndi ulesi kapena mphunzitsi, sakunena za sayansi ayi. Akungofuna chifukwa chomusiyira.

Chochita ndi chaching'ono. Tengani pepala la mayesolo mukhale naye pansi muone pamene anayambira kusochera, kawirikawiri pamakhala mutu umodzi wa m'mbuyo, monga mafulakishoni, umene sanaumvetse. Mupezereni womuthandiza pamenepo, ndipo zoti ubongo wake ndi wotani zisanenedwenso iye akumva. Za kuwawerengera bambowo zimene ndalembazi, muona nokha, mukuwadziwa ndinu.