Funsani za Magemu: Kuthawa Gemu, Kubera ndi Chipongwe

Funso: Ndimasewera Counter-Strike 2 ndi Dota 2 pa kompyuta. Magetsi akathima kapena netiweki ikadula, gemu imandilanga ngati ndathawa dala. Chilungamo chili pati?
Wowerenga wa ku Area 25, Lilongwe

Yankho: Seva, kompyuta ya kampani imene imayendetsa gemuyo, sidziwa chimene chakusowetsani. Imangoona kuti munalipo, pano mulibe, ndipo anzanu anayi atsala akulimbana ndi anthu asanu. Ikanamakhululukira aliyense amene netiweki yamudukira, bwenzi aliyense woona kuti akugonja akungozula waya wa intaneti. N'chifukwa chake pa Counter-Strike chilango chimakwera mukamabwereza: koyamba amakuletsani mphindi 30, kenako maola 2, maola 24, mpaka masiku 7. Pa Dota 2 mukasowa mphindi 5 amati mwathawa, ndipo angakuponyeni m'gulu la olangidwa, momwe simutulukamo mpaka mutapambana magemu angapo.

Choncho ulemu umayamba musanalowe. Gemu ya Dota imatha kudya mphindi 40 kapena kuposa. Ngati mukudziwa kuti kwanuko magetsi amathima cha m'ma 6 koloko madzulo, musayambe gemu yokwezera ranki itatsala pang'ono nthawiyo. Onani ping, nambala yoonetsa nthawi imene uthenga umatenga kupita ku seva ndi kubwerera. Ikakhala pansi pa 80 zili bwino, koma ikapitirira 150 mudzaona mukuwombera munthu amene wachoka kale pamalopo. Magemu awiriwa ali ndi maseva ku Johannesburg, ndiye sankhani kumeneko osati ku Ulaya. Imitsani zonse zimene zikudawunilodi, onani bandulo yatsala bwanji, ndipo foni ikhale pafupi kuti Wi-Fi ikadula mulumikize hotspot n'kubwerera msanga. Ngati muli ndi UPS, batire yosunga moto magetsi akathima, ilumikizeni ku kompyuta ndi ku rauta yomwe; ambiri amaiwala rauta.

Pa Dota 2, netiweki ikadukira mdani wanu, anzake n'kuimitsa gemu ndi batani la F9, dikirani. Kufulumira kuiyambitsanso kuti mupezerepo mwayi n'kololedwa ndi gemu, koma kwa ife n'kupanda khalidwe.

Funso: Mchimwene wanga ndi dolo pa PUBG Mobile ndipo akufuna asewere pa akaunti yanga kuti ikwere. Wina akugulitsanso fayilo yoonetsa adani kuseri kwa khoma. Pali vuto?
Mtsikana wa ku Mzuzu

Yankho: Fayiloyo isiyeni. PUBG Mobile imatseka akaunti ya wobera kwa zaka 10, ndipo zonse zimene munagula ndi ndalama zimathera pomwepo. Mafayilo otere salowa kudzera ku Play Store, ndiye palibe amene wawaunika; ena amapempha chilolezo chowerenga mameseji, komwe kumafikiranso manambala achinsinsi a ndalama za pafoni.

Za achimwene anuwo anthu amaziona ngati zazing'ono, koma zimapweteka mbali ziwiri. Gemu imakumanitsa anthu ofanana luso potengera ranki. Dolo akalowa pa akaunti yotsika, amakhala ngati wosewera wa Super League amene wakalowa mpira wa ana a pulayimale: ongoyamba kumenewo amangophedwa osaphunzirapo kanthu, ena n'kusiyiratu gemuyo. Akakubwezerani akauntiyo ili pamwamba, inu mukakumana ndi anthu oti simungawathe, ndipo timu iliyonse imene mulowe ikagonja chifukwa cha inu. Ngati akufunadi kukuthandizani, akhale pambali panu aone mmene mukusewerera, akuuzeni polakwika.

Funso: Pa eFootball ena akangotsogola ndi chigoli chimodzi amangopatsirana mpira kumbuyo mpaka nthawi ithe. Pa magemu ena amatukwana pa maiki. Ndizibwezera?
Wowerenga wa ku Chipata

Yankho: Kusunga mpira mphindi zomaliza ndi nzeru za mpira. Kuyamba zimenezo chigawo choyamba ndi kuwononga nthawi ya mnzako, monganso kuonera chigoli chako kubwereza mpaka kumapeto nthawi zonse. Mankhwala ake si kuzimitsa gemu, chifukwa pamenepo mwagonja ndinu. Kwezani osewera anu apanikize kutsogolo, mutseke njira yopita kwa otseka kumbuyo a m'mbali. Wopatsirana kumbuyo amalakwitsa akasowa womupatsa.

Wotukwana mutsekeni pakamwa ndi batani la mute, gemu ikatha mumuchitire lipoti posankha mlandu weniweniwo. Mukabwezera, chilango chingagwere nonse. Musachitire lipoti munthu chifukwa choti sakutha kusewera. Kulephera si mlandu, ndipo malipoti abodza amachedwetsa enieni.

Gemu ikatha lembani GG, kutanthauza kuti gemu inali yabwino, kaya mwapambana kaya mwagonja. Kuwonjezera EZ, kuti mdaniyo anali wophweka, ndi chipongwe, moti mu 2016 kampani ya Blizzard inakonza Overwatch kuti wolemba mawu amenewa azituluka ndi uthenga wina womuchititsa manyazi iye mwini.