Amayi ayamba kuiwalaiwala: ndani agwire ndalama zawo?

Zikomo mayi,

Mwalemba kuchokera ku Lizulu kuti amayi anu, omwe anali aphunzitsi, masiku ano amaiwala ngakhale zoti adya kale, ndipo kuchipatala akuti ndi matenda oiwalaiwala a ukalamba. Khadi la kubanki lili ndi alongo anu, penshoni ikungotha osadziwika komwe ikupita, ndipo amalume akuti mupite nawo amayiwo kwa loya akadinde chala pa kalata yokupatsani mphamvu.

Musathamangire chidindocho. Kalata imeneyo, ija maloya timati power of attorney, imakhala ndi mphamvu pokhapokha woidindayo akumvetsa chimene akupereka komanso amene akumupatsa. Ngati amayi sakuzindikiranso zimenezi, pepalalo n'lopanda ntchito, ndipo wachibale aliyense akhoza kudzaligwetsa kukhoti, inu n'kutsala ndi mbiri yoti munawadyera masuku pamutu. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti ngakhale akanasayina kale ali bwinobwino, kalata yotere imatha mphamvu mwiniwake akangolephera kudziganizira yekha.

Komabe matendawa sagwetsa munthu tsiku limodzi. Ngati dokotala awayeza n'kulemba kuti akumvetsabe za chuma chawo, asiyeni asankhe okha wowathandiza. Ndi nthawi yomweyonso yolembera wilo, popeza lamulo la chuma chamasiye la 2011 limafuna kuti wolemba wilo akhale woganiza bwino, ndipo asayine pamaso pa mboni ziwiri.

Lamulo limenelo limayamba kugwira ntchito munthu akamwalira. Amayi ali moyo, choncho penshoni, ng'ombe ndi nyumba n'zawo. Kukhala mwana woyamba sikukupatsani ufulu pa akaunti yawo. Amalume monga mwinimbumba mawu awo ngolemera pabwalo la banja, koma kubanki sakawamvera. Alongo anu ngati akutapa ndalamazo n'kumagulira zawo, kumeneko n'kuba, ngakhale nambala yachinsinsi anapatsidwa ndi amayi eniake.

Njira yokhazikika ndi ya Khoti Lalikulu, ndipo kwa inu a ku Ntcheu n'kupita ku Lilongwe. Yambani ndi lipoti la dokotala lofotokoza bwino mmene matendawa akhudzira kuganiza kwawo. Kenako lembani chuma chonse, ngakhale ndalama za pa Airtel Money kapena Mpamba ndi ngongole zimene anthu ali nazo kwa iwo. Khalani pansi pachibale mugwirizane munthu mmodzi kapena awiri, zomwe mwagwirizanazo zilembedwe, aliyense asayine. Ine ndimakonda awiri, chifukwa mmodzi akagwira yekha, manong'onong'o sachedwa. Loya adzakonza pempho ndi chikalata cholumbira, ndipo khoti likakhutira limasankha woyang'anira chumacho. Wosankhidwayo si mwini chuma. Amagwiritsa ntchito ndalamazo pa chakudya, mankhwala ndi chisamaliro cha amayi, khoti likhoza kumufunsa momwe zayendera, ndipo chinthu chachikulu ngati nyumba asagulitse popanda chilolezo cha khotilo. Ngati ndalama zolipira loya palibe, kafikeni ku Legal Aid Bureau.

Podikira zimenezi, lemberani kalata mkulu wa nthambi ya banki yawo, muphatikize lipoti la dokotala. Dziwiranitu kuti akhoza kuimitsa kaye akauntiyo, ndiye muyambe mwapangana amene azigula ufa ndi mankhwala m'miyezi imeneyo. Gulani kope, ndalama iliyonse yotuluka izilembedwa, malisiti azisungidwa. Chiphaso chaunzika ndi mapepala a nyumba zichoke pansi pa matiresi zikakhale pamalo okiyidwa, abale onse adziwe pomwe zili.

Pali china chimene simunafunse. Okalamba odwala matendawa amatha kudzuka usiku n'kumayendayenda kapena kulankhula zosamveka, ndipo m'midzi yathu sipachedwa kutuluka mawu oti ndi mfiti. Lamulo la 1911 lokhudza ufiti limati kunenera munthu ufiti ndi mlandu. Auzeni amfumu za matendawa zisanafike pamenepo, ndipo wina akawaopseza amayi, kaneneni kupolisi ku Victim Support Unit.