Musafomatenso laputopuyo, khadi la WiFi silinapse

Achimwene, imani kaye, musaibwezere laputopuyo kwa amene anakuikirani Windows uja kuti akafomatenso. Mwanena nokha kuti WiFi imagwira bwinobwino musanafomate, ndipo lero pakona ya kumunsi paja pangotsala kadziko kozungulira, maina a netiweki sakuoneka ndi limodzi lomwe. Khadi la WiFi silipsa chifukwa munthu waika Windows. Chasowa ndi driver, kapulogalamu kamene kamauza Windows mmene ingalankhulire ndi khadilo. Windows yakale inali nayo, kufomata kunaisesa, yatsopanoyi yabwera chimanjamanja.

Ndipo zimenezi zimapsetsa mtima kwambiri. Munthu walandira ndalama, waika Windows, wakuponyerani Office ndi VLC, wakusinthirani chithunzi cha pasikirini, basi akuti tengani yatha. Kutsegula Device Manager kuti aone ngati zonse zalowa ndi ntchito ya mphindi imodzi, koma ayi. Mwini wake afika kunyumba usiku, ayatsa hotspot pafoni, adina pakona paja, palibe kanthu. Azimitsa, ayatsanso. Palibe. Alowa mu Settings, pa Network & Internet, mawu oti Wi-Fi palibiretu pamndandanda wa kumanzere, pali Ethernet, Dial-up, VPN ndi Proxy basi. Adina Troubleshoot, izungulirazungulira, kenako imuuza kuti alumikize chingwe cha Ethernet chimene m'nyumbamo mulibe. Aganiza zokadawuniloda driver, ndiye akumbukira kuti kudawuniloda kukufunanso intaneti yomweyo yasowayo. Mawa lake asaimenti ikufunika kapena ripoti la kuntchito. Aimbira uja wafomata, yankho ndi lakuti "ndiye kuti khadi lapsa, bweretsani tisinthe." Kusintha khadi lamoyo! Ena amalichotsadi, n'kuikamo lina la mulaputopu yakufa limene Windows ikulidziwa kale, lanu labwinolo n'kutsala m'dirowa mwawo. Uku ndi kuba, tisamazembe.

Tsono chitani izi. Pangani right-click pa batani la Start, sankhani Device Manager. Yang'anani pamene palembedwa Other devices. Mukaona Network Controller ili ndi kachizindikiro kachikasu, ndiye WiFi yanuyo, ili moyo koma ilibe driver. Ethernet Controller ndi ya chingwe. Mukatsegula Network Controller ija imakuuzani Code 28, kutanthauza kuti driver sinaikidwe. Ngati m'malo mwake khadilo likuoneka pansi pa Network adapters ndi dzina lake lonse koma lili ndi kamuvi koloza pansi, langotsekedwa, pangani right-click, dinani Enable device, nkhani yatha. Code 10 ndi ina, nthawi zambiri imabwera pamene driver ilipo koma si yake.

Njira yachidule kuposa zonse ili m'thumba mwanu. Tengani foni ya Android yokhala ndi bandulo, ya TNM kapena Airtel zilibe kanthu, ilumikizeni ku laputopu ndi chingwe cha USB, yatsani data, lowani mu Settings ya foni, pezani Hotspot & tethering, yatsani USB tethering. Osati hotspot ya WiFi, imeneyo laputopu singaione. Ya chingwe. Windows 10 ndi 11 zimabwera kale ndi driver ya zimenezi, mu Device Manager imaoneka ngati Remote NDIS, ndipo pasanathe mphindi imodzi kadziko kaja kamasanduka kakompyuta. Ngati USB tethering ili yotuwa, sikudinika, vuto ndi chingwe. Zingwe zambiri zotchipa ndi zotchajira basi, mulibe mawaya a data. Sinthani chingwe, yesaninso doko lina. A iPhone zanu ndi zovutirapo, Windows imafuna kaye driver ya Apple imene imabwera ndi iTunes, ndiye bola mubwereke Android kwa mnansi.

Intaneti ikangobwera samalani, chifukwa Windows yongoikidwa kumene imakhala ndi njala. Imayamba kukoka ma update yokha osakufunsani, ndipo bandulo ya 1GB imatha inu mukuyang'ana. Komabe musathamangire kuyatsa Metered connection, imene imauza Windows kuti isamale bandulo, chifukwa mukatero ma driver aja nawonso amaima. Chitani chonchi: lowani mu Windows Update, dinani Check for updates, yang'anani View optional updates, tsegulani Driver updates, chongani ya wireless yokhayo. Ikalowa, dinani Pause updates mpaka tsiku limene mudzakhale ndi bandulo yaikulu kapena ya usiku.

Windows Update ikakanika kuipeza, muisaka nokha, ndipo apa ndi pamene ambiri amasochera. Amalemba pa Google dzina la laputopu, "HP 250 wifi driver", n'kutenga fayilo yoyamba kuoneka. Laputopu ziwiri za dzina limodzi zimatha kukhala ndi makhadi osiyana, ina Realtek ina Intel, malinga ndi zimene fakitale inali nazo mwezi umenewo. Kuwonjezera apo, laputopu zambiri zimene timagula kuno ndi zakaunjika, zadutsa m'manja ambiri, khadi lili mkatimo mwina si limene inabadwa nalo. Funsani khadi lenilenilo. Mu Device Manager tsegulani Network Controller ija, pitani pa Details, pa Property sankhani Hardware Ids. Muona mzere woyamba ndi PCI\VEN_ kenako zilembo zinayi, kenako DEV_ ndi zina zinayi. Za VEN zikuuzani kampani: 8086 ndi Intel, 10EC ndi Realtek, 168C ndi Qualcomm Atheros, 14E4 ndi Broadcom, 14C3 ndi MediaTek, 1814 ndi Ralink. Za DEV ndiye khadi lenilenilo. Jambulani mzerewo ndi foni, lembani VEN ndi DEV zonse pa Google, dzina la khadi lituluka.

Mukalidziwa, pitani pa webusaiti ya amene anapanga laputopu. Tembenuzani laputopu muone kapepala kapansi. Dell imafuna Service Tag, zilembo ndi manambala 7. HP ndi Lenovo zimafuna serial number. Kapepalako kakafufutika, tsegulani BIOS, menyu ya laputopu imene mumalowamo Windows isanadzuke, nambalayo ilimo. Sankhani Windows yoyenera, ndipo onetsetsani ngati yanu ndi 64-bit kapena 32-bit pa Settings, System, About, chifukwa driver ya 32 silowa pa 64. Pansi pa Network tengani ya kampani imene VEN yakuuzani. Ngati khadi ndi la Intel, webusaiti ya Intel ili ndi phukusi limodzi la makhadi ake ambiri. Mungathe kudawunilodera pafoni pomwepo n'kusamutsa fayiloyo ndi chingwe, kapena pakompyuta ya mnzanu n'kuika pa fulashi. Ikakhala .exe ingoitsegulani. Ikakhala zip imasuleni kaye, kenako mu Device Manager dinani Update driver, Browse my computer for drivers, lozani foda ija, chongani Include subfolders. Laputopu ikakhala yakale moti webusaiti ikungoonetsa ma driver a Windows 7 kapena 8.1, tengani omwewo, ambiri amagwira pa Windows 10 mukawalowetsa kudzera pa Browse.

Musanawononge ndi MB imodzi yomwe, tsegulani C: muone ngati muli foda yotchedwa Windows.old. Ngati uja anangoika Windows pamwamba pa yakale osafufuta partition, gawo la disiki limene munali yakaleyo, foda imeneyi imatsala, ndipo driver yanu yeniyeni ili momwemo. Pa Browse paja lozani C:\Windows.old\Windows\System32\DriverStore\FileRepository, chongani subfolders, Windows iisaka yokha. Fulumirani chifukwa foda imeneyi siikhalitsa, Windows imatha kuifufuta yokha pakatha masiku 10.

Chonde, mapulogalamu aja olonjeza kuti mukadina kamodzi akuikirani ma driver onse asiyeni. Ambiri amabwera ndi browser imene simunaipemphe, antivirus yongokuopsezani kuti mulipire, ndipo amatha kukakamiza driver yolakwika imene imabweretsa sikirini ya buluu. Mumayamba ndi vuto limodzi n'kuthera ndi anayi.

Tinene kuti driver yalowa, chikasu chachoka, koma netiweki sizikuonekabe. Yang'anani kiyibodi. Pa HP zambiri batani la F12 lili ndi kanyali, kakakhala ka olenji ndiye kuti wireless yazimitsidwa, lidineni lokha kapena limodzi ndi Fn. Pa mitundu ina fufuzani batani lojambulidwa kandege kapena kamlongoti. ThinkPad ndi Latitude zakale zili ndi kaswichi kenikeni m'mbali kapena kutsogolo, kamasuntha kokha m'chikwama. Onaninso Airplane mode. Kenako dinani Windows ndi R, lembani services.msc, pezani WLAN AutoConfig, ikhale Running ndipo Startup type ikhale Automatic. Ngati ikuona netiweki za aneba koma yanu yokha ayi, khadi lanu mwina ndi la 2.4 GHz basi pomwe hotspot ya foni ili pa 5 GHz. Sinthani band pafonipo, ndipo chitetezo chikhale WPA2 osati WPA3, makhadi akale WPA3 saidziwa.

Palinso ija yoti yalumikizika koma ikulemba No internet. Tsegulani Command Prompt ngati administrator, lembani ipconfig. Mukaona IPv4 yoyamba ndi 169.254, laputopu sinalandire adiresi kuchokera ku rauta kapena MiFi, yangodzipatsa yokha. Zimitsani rauta masekondi 30, yatsaninso, kenako lembani ipconfig /release, ipconfig /renew. Adiresi ikakhala yabwino, monga yoyamba ndi 192.168, lembani ping 8.8.8.8. Ikayankha koma ping google.com ikukana, vuto ndi DNS, imene imasandutsa maina a webusaiti kukhala ma adiresi, ikani 8.8.8.8 ndi 8.8.4.4 pa IPv4 ya adapter yanu, kenako ipconfig /flushdns. Zonse zikakana lembani netsh winsock reset, kenako netsh int ip reset, muyatsenso laputopu. Ndipo tayang'anani kaye ngati bandulo ilipo, chifukwa ma update aja amatha kuimaliza mwakachetechete inu n'kumalimbana ndi ma command.

Wotchi! Iyi anthu amaiiwala kwambiri. Mukafomata, tsiku ndi nthawi zimatha kusokonekera, makamaka pa laputopu zimene kabatire ka CMOS kanatha, kaja kozungulira ngati ndalama yachitsulo, kambiri kamakhala CR2032. Kompyuta ikamaganiza kuti tili mu 2012, webusaiti iliyonse imakana ndi uthenga woti Your connection is not private kapena Your clock is behind, munthu n'kumati intaneti palibe pomwe ilipo. Konzani tsiku, ndipo time zone ikhale UTC+02:00 Harare, Pretoria, ndiyo nthawi yathu.

Kwa amene akuika Windows 11 n'kukakamira pa sikirini ija ya Let's connect you to a network, batani la Next lili lotuwa, USB tethering yomweyo imakuolotsani, ingolumikizani foni pomwepo. Ma version atsopano alinso ndi Install driver pasikirini yomweyo, mumaloza driver ili pa fulashi. Pa akalepo mumadina Shift ndi F10, kulemba OOBE\BYPASSNRO, imayambiranso n'kukupatsani I don't have internet, koma Microsoft yakhala ikutseka njira imeneyi ndiye musaidalire kwambiri.

Ngati mu Device Manager mulibe Network Controller, mulibe Unknown device, mulibe dzina lililonse la wireless ngakhale mutadina View, Show hidden devices, apo ndiye lowani mu BIOS muone ngati Wireless LAN ili Enabled. Ikakhala Enabled koma silikuonekabe, khadi mwina lasunthika pamalo pake. Ndi kakhadi kakang'ono komangidwa ndi sikulu imodzi, kali ndi timawaya tiwiri ta mlongoti, kawirikawiri kakuda ndi koyera kapena kotuwa. Chotsani chaja ndi batire musanakhudze, kazuleni, kabwezereni bwino, timawayato tilowe mpaka timve kuti "tapu". Musakanikize ndi sikuludiraiva, timitu take timaphwanyika msanga.

Ndati musafomatenso, koma pali pamodzi pamene simungachitire mwina. Onani Windows imene anakuikirani. Ngati ndi zija zodulidwadulidwa zimene amazitcha Lite kapena Super Lite, zoti "imathamanga pa RAM yochepa", amene anazikonza amachotsamo ma driver, ma service ena, nthawi zina ndi Windows Update yomwe. Mudzapeza WLAN AutoConfig kulibe kapena ikukana kudzuka, tethering nayo osagwira. Imeneyo musalimbane nayo, ifufuteni. Tengani ISO yeniyeni, fayilo yoikira Windows, pa webusaiti ya Microsoft, ikani pa fulashi ya 8GB kapena kuposa ndi Media Creation Tool kapena Rufus, muyambirenso. Chimodzimodzi ngati anakubwezerani pa Windows 7, imene Microsoft inasiya kuisamalira pa 14 January 2020. Ngakhale Windows 10 nayo chithandizo chake chanthawi zonse chinatha pa 14 October 2025, ndiye ngati makina anu akukwanitsa 11, pitani komweko.

Ndipo WiFi ikangodzuka, tsiku lomwelo, lowetsani fulashi, pangani foda yotchedwa drivers, tsegulani Command Prompt ngati administrator, lembani dism /online /export-driver /destination:E:\drivers, pa E muike chilembo cha fulashi yanu. Ikopera ma driver onse a makina anu, ndipo tsiku lina mukadzafomata mudzangoloza foda imeneyo. Ngati mawa likukupanikizani ndipo zonsezi zikuchedwa, gulani ka USB WiFi adapter kakang'ono kaja, koma kayeseni pa laputopu yanu mushopu momwemo musanalipire, chifukwa tina timafunanso driver yake ili pa CD. Ikani pano chithunzi cha Hardware Ids chija, tikuuzani khadi lake ndi fayilo yoti mutenge.