Yahweh, Yahshua kapena Yesu: dzina loona ndi liti?

Mayi, mwafunsa za mchimwene wanu amene walowa gulu lophunzitsa kuti dzina loti Yesu linachokera kwa Zeu, mulungu wa Agiriki, kuti Yehova ndi dzina lolakwika, ndiponso kuti onse obatizidwa m'dzina la Yesu abatizidwenso m'dzina la Yahshua. Pa zitatuzi, chili ndi mutu ndi chimodzi chokha, cha Yehova, koma nachonso sichifika kumene iwo akuchikokera.

Dzina la Mulungu m'Chihebri limalembedwa ndi zilembo zinayi, Yodi, He, Vavu, He, zomwe ife timaika YHWH. Limapezeka malo opitirira 6,800 m'Chipangano Chakale. Si la dzulodzulo ayi. Lili pa mwala wa Mesha, mfumu ya Mowabu, wolembedwa cha m'ma 840 BC ndipo unapezeka ku Dhiban mu 1868. Lilinso pa timasiliva tiwiri tokulungidwa tomwe tinafukulidwa ku Ketef Hinnom, ku Yerusalemu, mu 1979, tokhala ndi mdalitso wa pa Numeri 6:24-26. Chovuta n'chakuti Chihebri chakale chinkalembedwa popanda mavawelo. Wowerenga ankadzazamo yekha, monga mmene inu mungaonere LLNGW n'kudziwa kuti akunena Lilongwe.

Ayuda atabwerako ku ukapolo wa ku Babulo, pang'onopang'ono analeka kutchula dzinali poopa kulitchula pachabe, ndipo akalipeza powerenga ankati Adonai, kutanthauza Ambuye. Mkulu wa ansembe ankalitchulabe m'kachisi pa Tsiku la Chitetezero, koma kachisiyo atagwetsedwa ndi Aroma mu 70 AD katchulidwe kake kanazimiririka. Patapita zaka mazana angapo alembi otchedwa Amasorete anayamba kuika timadontho ndi timizere tosonyeza mavawelo. Atafika pa YHWH anaikapo mavawelo a Adonai, kuti wowerenga akumbuke kunena Adonai. Umboni wake mungauone nokha pa Genesis 15:2. Pamenepo Adonai ndi YHWH zatsatizana, ndiye pofuna kuti munthu asanene Adonai kawiri anaika mavawelo a Elohim, kutanthauza Mulungu, dzinalo n'kuoneka ngati Yehovih. Mavawelo akanakhala ake enieni a dzinalo, sakanasintha chifukwa cha mawu oyandikana nalo.

Akhristu a ku Ulaya anawerenga makonsonanti ndi mavawelo obwerekawo pamodzi, n'kutuluka Jehovah. William Tyndale analiika m'Chingelezi mu 1530. Buku Lopatulika la 1922 linalemba Yehova, pomwe Buku Loyera la 1998 linasankha Chauta. Ndiye pamenepa mchimwene wanu sakunama: Mose sankati Yehova.

Nanga ankati chiyani? Akatswiri ambiri amati Yahweh, ndipo ali ndi zifukwa. Chidule chake, Yah, tili nacho mu Aleluya komanso kumapeto kwa mayina ngati Yesaya ndi Yeremiya. Olemba achikhristu akale, monga Clement wa ku Alexandria ndi Theodoret wa ku Cyrus, analilemba m'zilembo zachigiriki mwanjira yomveka ngati Yawe kapena Yave. Likugwirizananso ndi mneni wa "kukhala" wa pa Eksodo 3:14. Komabe kumeneku n'kulumikiza zidutswa, palibe amene anajambula mawu a Aroni pa tepi. N'chifukwa chake magulu amenewa sagwirizana okhaokha. Ena akuti Yahweh, ena Yahuah, ena Yahuwah, ena Yahawah, ndipo aliyense akuti anzakewo akuitana dzina lolakwika. Munthu amene waika chipulumutso chake pa katchulidwe amakhala wobatizidwa mpaka tsiku lomwe adzakumane ndi mphunzitsi wina wa mavawelo ena.

Tsopano za Yesu, pomwe pagona nkhani. Dzina lachihebri lathunthu ndi Yehoshua, lomwe m'Baibulo lathu ndi Yoswa. Ukapolo utatha linafupikitsidwa kukhala Yeshua, ndipo kufupikitsako kukuoneka m'Baibulo momwemo. Mkulu wa ansembe amene Hagai 1:1 ndi Zekariya 3:1 akumutcha Yehoshua, Ezara 3:2 akumutcha Yeshua. Nehemiya 8:17 akunena za Yoswa mwana wa Nuni kuti Yeshua. Linali dzina lofala kwambiri m'nthawi ya Aroma, moti Akolose 4:11 akutchula mnzake wa Paulo wotchedwa Yesu Yusto.

Ayuda a ku Alexandria atayamba kumasulira malemba m'Chigiriki, cha m'ma 250 BC, anafunika kulemba dzinali ndi zilembo zomwe Chigiriki chili nazo. Yodi anaiika ngati I. Chigiriki chilibe liwu la "sh", ndiye anaika s. Chilembo chomaliza, ayini, chimatchulidwira kukhosi ndipo Agiriki alibe, ndiye chinagwa. Kumapeto anawonjezera s chifukwa ndi mmene mayina ambiri a amuna amathera m'chilankhulocho, monga Mose anakhalira Mouses ndi Eliya Elias. Yeshua n'kukhala Iesous. Anachita zimenezi ndi Ayuda, Yesu wa ku Nazarete asanabadwe, ndipo buku la Yoswa m'Septuagint, Chipangano Chakale chachigiriki chimenechi, mutu wake ndi Iesous. Pa Machitidwe 7:45 ndi Ahebri 4:8 Chigiriki chili ndi Iesous koma akunenedwa ndi Yoswa. Chilatini chinati Iesus, ndipo King James yoyamba ya 1611 inasindikiza Iesus yemweyo, J asanapatukane ndi I. Mfundo yawo yoti "kale kunalibe J" ndi mlandu wa Chingelezi, ife sutikhudza. Yesu wathu amayamba ndi Y, ndipo ali pafupi ndi Yeshua kuposa Jesus wa azungu.

Za Zeu n'zabodza basi. Zeus amayamba ndi chilembo zeta, Iesous amayamba ndi iota, ndipo mawu awiriwa alibe ubale. Kufanana kwake kumangomveka m'khutu la wolankhula Chingelezi. Luka anawalemba onse awiri m'buku limodzi: pa Machitidwe 14:12 anthu a ku Lustra anamutcha Barnaba Zeu, ndipo atumwi anang'amba zovala zawo pokana. N'chimodzimodzi zoti Khristu anachokera kwa Krishna, mulungu wa Ahindu. Mashiach m'Chihebri ndi wodzozedwa, Christos m'Chigiriki ndi wodzozedwa, ndipo Yohane 1:41 akumasulira yekha Mesiya kuti Khristu. Septuagint inagwiritsa kale ntchito christos ponena za Sauli ndiponso Koresi wa pa Yesaya 45:1.

Chodabwitsa n'chakuti dzina lopanda umboni ndi lawolo. Yahshua sapezeka m'mpukutu uliwonse wakale wachihebri. Kaumbidwe ka mayina achihebri kamalikananso: dzina la Mulungu likakhala koyambirira kwa dzina la munthu limamveka Yeho kapena Yo, monga Yehoshafati, Yonatani, Yoweli, ndipo Yah kapena Yahu amabwera kumapeto. Yahshua anaumbidwa ku America m'ma 1930 ndi gulu la Sacred Name, lomwe linatuluka mwa anthu a Church of God (Seventh Day). Clarence O. Dodd anayambitsa magazini ya The Faith mu 1937, Angelo Traina anatulutsa Holy Name Bible mu 1963, ndipo Jacob O. Meyer anakhazikitsa Assemblies of Yahweh ku Bethel, Pennsylvania. Ankafuna kuti Yah amveke m'dzina la Mwana potengera Yohane 5:43, pomwe Yesu akuti anabwera m'dzina la Atate wake. Koma kubwera m'dzina la wina n'kubwera ndi ulamuliro wake. Davide anapita kwa Goliati m'dzina la YHWH, dzina lake n'kukhalabe Davide.

Mukawapanikiza apa amathawira kwa Constantine, mfumu ya Aroma, kuti Aroma anafafaniza mayina enieni. Yang'anani zaka. Msonkhano wa Nicaea, umene Constantine anaitanitsa, unachitika mu 325. Gumbwa wotchedwa P46, wa makalata a Paulo, ndi P66, wa uthenga wa Yohane, ndi a cha m'ma 200, Constantine asanabadwe, ndipo ali ndi Iesous ndi Kyrios (kutanthauza Ambuye), olembedwa mwachidule ndi kamzere pamwamba. Pa mipukutu yachigiriki ya Chipangano Chatsopano yoposa 5,000 palibe umodzi wokhala ndi YHWH. Chomwe chilipo, ndipo tisabise, n'chakuti makope ena akale a Chipangano Chakale chachigiriki, monga Papyrus Fouad 266, anasunga YHWH m'zilembo zachihebri. Papias, wolemba wachikhristu wakale, nayenso ananena kuti Mateyu analemba m'chilankhulo cha Ahebri, koma kope limenelo palibe amene ali nalo, ndipo Mateyu wachihebri wa Shem Tob amene amamugawa pa WhatsApp ndi wa m'ma 1380. Makalata opita ku Korinto ndi ku Filipi analembedwera olankhula Chigiriki. Pa Aroma 10:13 Paulo akugwira mawu a Yoweli 2:32 onena za kuitana pa dzina la YHWH, akulemba Kyrios, n'kuwalozetsa kwa Yesu. Ngati kumasulira dzina ndi tchimo, woyamba kulakwa ndi Paulo.

Musasokonezenso magulu atatu amene anthu amangowatcha "a Mesiya". Ayuda a Mesiya ndi Ayuda okhulupirira kuti Yeshua ndiye Mesiya. Bungwe lawo lakale ku America linayamba mu 1915 ndipo linatenga dzina la Messianic Jewish Alliance of America mu 1975, pomwe Jews for Jesus inayamba mu 1973. Iwowa amati Yeshua, osati Yahshua, ndipo ambiri satchula n'komwe YHWH. Complete Jewish Bible ya David Stern, ya 1998, imalemba Adonai. A Hebrew Roots ambiri si Ayuda, koma amasunga Sabata, maphwando a pa Levitiko 23 ndi malamulo a zakudya. A Sacred Name ndi amene amamangirira chipulumutso pa katchulidwe. Zomwe mwafotokozazi zikuonetsa kuti mchimwene wanu ali m'gulu lachitatuli.

Kuti muone nokha, tsegulani Blue Letter Bible kapena Bible Hub pa foni, musankhe vesi, mupite pa interlinear, pomwe mawu achihebri kapena achigiriki amaoneka limodzi ndi matanthauzo ake. Pa manambala amene James Strong anapatsa mawu a m'Baibulo, ofunika ndi H3068 wa YHWH, H3069 wa Yehovih uja, H3091 wa Yehoshua, H3442 wa Yeshua, G2424 wa Iesous ndi G2203 wa Zeus. Yambani ndi Nehemiya 8:17, kenako Ahebri 4:8, kenako Machitidwe 14:12, mumalize ndi Aroma 10:9-13. Chenjerani ndi msampha umodzi: pa H3068 Strong analemba Yehovah, chifukwa anangokopera mavawelo a Amasorete, ndiye si umboni wa katchulidwe.

Pa za ubatizo, palibe vesi lolamula kubatizanso munthu chifukwa cha chilankhulo. Pa Pentekoste aliyense anamva m'chilankhulo chakwawo. Msonkhano wa pa Machitidwe 15 unapereka zinthu zinayi kwa anthu a mitundu ina, ndipo kuphunzira mayina achihebri mulibemo. Ana a Skeva pa Machitidwe 19:13-16 anatchula dzina lija bwinobwino koma anathawa ali maliseche ndi mabala, poti dzinalo si chithumwa. Wofuna kupemphera ndi Yeshua kapena Yahweh apemphere, palibe cholakwika. Choipa chimayamba akauzidwa kuti amayi ake amene anamwalira akuimba nyimbo za Yesu anatayika.

Mukamacheza naye musayambe ndi kunyoza abusa ake, angoumitsa khosi. Muvomereni pa za Yehova, kenako mumupemphe kuti akafunse aphunzitsi ake dzina la mpukutu wakale wokhala ndi Yahshua, chaka chake, ndi laibulale yomwe ukusungidwa. Codex Sinaiticus, Baibulo lakale lachigiriki lolembedwa pamanja, ili pa intaneti tsamba ndi tsamba, mipukutu ya ku Dead Sea nayonso chimodzimodzi, ndiye ngati ulipo sangavutike kukusonyezani.