Yankho: Nkhope zakuda ndi anthu ooneka patali mu kanema

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake osewera mu kanema amene munajambula m'munsi mwa phiri la Dedza akuoneka ang'onoang'ono, nkhope zili bii, pomwe phirilo likuoneka bwino.

Vuto lalikulu ndi thambo. Mukaika mutu wa munthu pakati penipeni pa chithunzi, theka lonse la m'mwamba limakhala thambo lowala, ndiye kamera imachepetsa kuwala, nkhope n'kuda. Tsegulani grid pa foni yanu, ija ya mizere iwiri yoimirira ndi iwiri yopingasa. Maso a wosewera akhale pa mzere wopingasa wa m'mwamba, pamwamba pa mutu pangotsala kampata kochepa. Kenako dinani pankhope pa sikirini osachotsa chala mpaka kuwala kukhazikike. Dzuwa likhale chakumbali kwanu, osati kumbuyo kwa wosewera.

Yendani ndi miyendo yanu kusendera pafupi ndi wosewera, zoom isiyeni, chifukwa mafoni ambiri amangokulitsa chithunzi n'kuchiwononga. Pa zokambirana mamita awiri akukwana, chithunzi chiyambire m'chiuno. Musadule munthu m'mawondo, m'zigongono kapena pakhosi.

Ngati akuyang'ana kumanja, muikeni pa mzere wakumanzere kuti kutsogolo kwake kutsale malo. Awiri akamalankhulana, kamera ikhale mbali imodzi ya mzere wongoganizira wolumikiza awiriwo. Mukaudutsa, polumikiza zithunzi onse adzaoneka ngati akuyang'ana kumodzi, owonera n'kusokonezeka.

Phirilo lionetseni kamodzi poyambirira, foni itagona chopingasa, basi. Ndipo chonde yang'anani kumbuyo musanayambe: mtengo wa paini kapena pholo la magetsi lisaoneke ngati lamera pamutu pa munthu.