Za mlongo wanu amene akumva mawu

Achemwali, mwafunsa ngati mlongo wanu walodzedwa poti wasiya kupita kunyanja, akuyankhula yekha, ndipo akukana nsima ati mwathiramo poizoni. Kwa ine izi zikufanana ndi schizophrenia, koma wotsimikiza ndi dokotala, pakuti chamba ndi malungo okwera kumutu nazonso zimasokoneza munthu.

Schizophrenia ndi matenda a ubongo. A bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO amati amagwira munthu mmodzi mwa anthu pafupifupi 300 alionse, ndipo kawirikawiri amayamba munthu akadali wachinyamata. Mawu akumvawo kwa iye ndi enieni, ndiye kukangana naye n'kungotaya nthawi. Musamumangenso pamtengo chonde, mantha ake amangokula.

Pitani naye kuchipatala chachikulu pa boma pa Mangochi. Zikavuta amatumiza ku Zomba Mental Hospital. Mankhwala monga chlorpromazine ndi haloperidol amachepetsa mawuwo, ngakhale pamatenga masabata. Povuta m'pakuti munthu akayamba kupeza bwino amasiya kumwa, matenda n'kubwerera. Akamauma thupi, kunjenjemera kapena kutuluka dovu, musamusiyitse mapiritsiwo nokha, kauzeni adokotala, alipo mankhwala ake. Ngati mapiritsi akumawaiwala, funsani za jakisoni wa pamwezi.